Fomu Yofuna Makutu

A Fiyuzi anayamba ntchito ya magetsi a galimoto m'masiku amene galimoto inali chitsulo chosadziwa kudandaula. Ukaibowola pansi inkangoti duu, ukaidula waya inkathimitsa nyali imodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso chimene anachipachika m'galaja, koma dzuwa linachifufutsa kalekale. La Fiyuzi analipata chifukwa aliyense wobwera ndi vuto, kaya la hutala kaya la banja, ankamuuza kuti ayambe waona fiyuzi.

Galaja yawo ndi chipinda chimodzi cha malata, chopanikizika pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wosoka makatani. Mmenemo, kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, anaika maampulifaya, zipangizo zokweza mawu, m'maminibasi, m'magalimoto a maukwati ndi m'malole a alaliki. Ntchito yawo ankaiyesa mwa njira imodzi yokha: mutu m'buti, khutu pa sipika, n'kumuuza mwini galimoto kuti akweze mpaka pothera. Kamluzu kobwera ndi injini ankakamva wina aliyense asanakamve, ndipo ankatha kuloza waya wolakwa asanatsegule n'komwe.

Makutuwo anachoka pang'onopang'ono, osatsanzika. Zinayamba kusowa ndi mbalame, a Fiyuzi n'kumadandaula kuti anthu atha mitengo. Kenako ketulo inasiya kuimba mluzu, iwo n'kuti maketulo a masiku ano ndi achinyengo. Mawu okhuthala ankawamva bwinobwino: mabingu, injini, kulankhula kwa amuna anzawo. Zopyapyala zonse zinapita, pamodzi ndi theka la zimene akazi awo ankanena, ndipo theka limenelo sanalilire kwenikweni.

Ndiye kunabwera magalimoto amakono, odziwa zonse ngati apongozi. Ali ndi masensa, tizipangizo tonunkhiza ngozi. Kena kali pansi pa mpando kuyeza ngati pakhala munthu, kena kali pabampa kuyang'ana khoma, kena kanabisala pakati pa mipando kudikira kugunda kuti kaphulitse zibaluni zotchinga nkhope. Tikaona choipa timalira, ndipo timalirira mu sipika ya pachitseko cha dalaivala, yomweyo imene woika ampulifaya sangathe kuilambalala. Ukalumikiza molakwa, nyimbo imamveka mokoma zedi, koma kabelu ka lamba ndi kochenjeza za khoma timafa, thiraki n'kumabwerera m'mbuyo mwakachetechete mpaka kukaima pa mwendo wa munthu. Tsoka lake, kulira kwa tizipangizoti n'kopyapyala ngati kwa udzudzu.

A Fiyuzi sanauze munthu. Anangopangana ndi akazi awo, amene amasita zovala za anthu kunyumba, kuti akabweretsa chakudya chamasana azilowa nawo m'galimoto, atseke zitseko, amvetsere.

"Kalira?"

"Kalira."

"Kangati?"

"Katatu, bambo. Kapena mukufuna ndikuimbireni inenso?"

"Nanga ka kumbuyo?"

"Kakufulumira. Imani, inu, muphwanya mgolo wa eni ake!"

Wowotcherera zitsulo uja, poona nkhalamba ziwiri zikudzitsekera m'magalimoto atsopano masana aliwonse, ankakweza chigoba chake cha kumaso n'kukuwa: "Mdala, chikondi cha m'galimoto za eni chidzakumangitsani! Kunyumba kulibe mipando?" Akazi a Fiyuzi ankamuyankha kuti mipando ilipo, kungoti ilibe lamba.

Mwa njira imeneyi palibe galimoto imene inatuluka m'galajamo itafa belu.

Chaka china ofesi yoona za chitetezo, imene dzina lake lonse silikwana pa envelopu, inatulutsa fomu. Aliyense woika ampulifaya m'galimoto ya masensa anayenera kuidzaza, apo ayi chiphaso chake chilandidwa. Mafunso ambiri anali anzeru ndithu: waya wamkulu wadutsa kuti, fiyuzi ili patali bwanji ndi batire. Koma pansi penipeni panali mawu akuti, "Ine mmisiri ndamva ndi makutu anga kulira kwa zochenjeza zonse," ndi mzere umodzi wosainapo. A Fiyuzi anawerenga kawiri, naganiza kuti munthu amene anakwatira poyera, mboni zilipo, makutu a mkazi wake ndi akenso. Anasaina zaka ziwiri. Mafomuwo ankapita ku ofesi, kumene ankawamanga ndi chingwe n'kuwaika pamwamba pa kabati, poti ntchito ya fomu ndi kufika.

Kenako ofesi yomweyo inagula thiraki yakeyake, yoyera mbee, yoti iziyenda m'misewu kulangiza anthu kuti azisamala. Inkafunika ampulifaya ndi masipika anayi padenga, chifukwa malangizo a boma sayenda monong'ona. Dalaivala wa ofesiyo, amene minibasi ya mlamu wake inadutsapo m'manja mwa a Fiyuzi, anaibweretsa kwa iwo.

Anaigwira masiku atatu, mwaulemu ngati akusambitsa khanda. Pansi pa mpando wa dalaivala anapezapo mawaya achikasu a zibaluni zija, nawasiya osawakhudza n'chala chomwe. Pansi pa mpando winawo panali kachipangizo koyeza kulemera, moti ampulifaya ikanaikidwa pamenepo galimoto ikanaiyesa munthu n'kumaiuza kuti imange lamba. Pakati pa mipando sanayerekeze, poopa kuti kugunda kwa nyimbo kungamveke ngati ngozi. Anaikhomera pa thabwa kuseri kwa mpando wakumbuyo. Waya wamkulu anaudutsitsa pa bowo la labala limene a kufakitale anasiya kale, n'kuuyendetsa mbali yosiyana ndi mtolo wa mawaya a masensa, ngati anthu odana amene akhazikidwa matebulo osiyana paukwati. Sanabowole paliponse. Tsiku lachitatu masana akazi awo anamvetsera, nati zonse zikulira, ndipo ka lamba kakuchita kunyanya.

Vuto linali lakuti thirakiyo inali ya ofesi. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, munthu wina anaganiza zowerenga fomu mpaka pansi.

Anabwera bwana woyendera, munthu waulemu, wovala tayi, amene anawapatsa moni wa manja awiri. Anati poti katunduyo ndi wa boma, malamulo akuti mmisiri asonyeze kumva kwake woyendera akuona. Iye akhala pa chiwongolero, a Fiyuzi pambali pake, ndipo chochenjeza chikalira akweze dzanja.

"Amayiwa angakhale kumbuyoku," anatero a Fiyuzi. "Miyendo imawavuta akaima nthawi yaitali."

"Pepani bambo, galimoto ya boma sikweza achibale."

Mayi aja anatsala panja, atanyamula mbale zokutira ndi nsalu.

Poyamba zinayenda. Bwanayo anamasula lamba, kanyali kofiira kanayaka pa dashibodi, a Fiyuzi anakaona n'kukweza dzanja msangamsanga ngati mwana wasukulu wodziwa yankho. Bwanayo anamwetulira, natsegula failo yake kuti achonge. Posowa poitsamiritsa, anaigoneka pa chiwongolero, failo n'kuphimba tinyali tonse. Sanachite mochenjera ayi. Failo ya boma imangokhala ndi luso lophimba chinthu chofunikira.

"Tsopano za kumbuyo."

A Fiyuzi anayang'ana akazi awo kudzera pagalasi. Mawindo anali otseka, mayiwo sankamva kanthu, anangotambasula manja. Anayang'ana milomo ya bwanayo, koma milomo inali phee. Anawerenga chamumtima mpaka zisanu, nakweza dzanja.

"Sindinalowetse giya, bambo."

"Ndimawongola mkono."

Thiraki inayamba kubwerera chakukhoma. A Fiyuzi anatsimikiza mtima kuti ulendo uno sapupuluma. Anakhala duu, manja pamawondo, mpaka bwanayo anaponda mabuleki, nawatembenukira ndi nkhope ya munthu amene waona zimene sanafune kuona.

"Bambo, kakulira chonchi simukukamva?"

"Kati?"

Zotsatira zinalembedwa pomwepo, pa boneti. Thiraki inapambana: zochenjeza zonse zinkalira, ndipo bwanayo ananena yekha kuti sanaonepo mawaya oyalidwa bwino chotero. Amene analephera ndi mmisiri. Fomu yosainidwa ndi munthu wosamva inali yopanda ntchito, ndipo chiphaso chinaimitsidwa kufikira atabweretsa kalata ya dokotala.

"Koma inuyo mwamva, bwana. Sainani ndinu."

"Ndamvadi, bambo. Koma ine si mmisiri. Mzere wanga palibe."

Mawa lake thirakiyo anaiwolotsa msewu kupita kwa mmisiri wina, amene anaphulitsirapo kasitomala chibaluni kumaso kawiri konse, koma amamva ngakhale singano ikagwa. Anakhalamo mphindi ziwiri, anamva, anasaina.

Dokotala anawaveka a Fiyuzi zomvera kumutu, nawapatsa kabatani koti azidina akamva kulira. Kabataniko kanapuma tsiku limenelo. Kalata anawalembera, yonena zoona zokhazokha, zimene sizinali zimene ofesi inkafuna. Anawauzanso za kachipangizo kovala m'khutu. Atakafunsa ku ofesi, kalaliki wa pawindo anawafotokozera kuti fomu imati "makutu anga", ndipo funso lakuti kachipangizo kogula kangawerengedwe ngati khutu la munthu linali lisanakambidwe ndi komiti.

Akazi awo anavala diresi ya kutchalitchi n'kupita okha kwa kalalikiyo.

"Ndabwera kuti muzindilola kusaina ineyo. Zaka zonsezi womva ndinali ine."

"Chiphaso cha zamagetsi muli nacho, mayi?"

"Chiphaso ali nacho ndi iwo. Ine ndili ndi makutu."

"Ndiye vuto ndi limenelo."

"Vuto lili pati, mwanawe? Timagona nyumba imodzi. Iwo asaine theka, ine theka."

"Mzere ndi umodzi, mayi."

Anawalangiza kuti alembe kalata yodandaula, ndi kuikapo nambala ya foni ya mwini chiphaso, osati ya wachibale. Analemba. Komiti inkayenera kukumana mwezi wotsatira, koma wapampando anali ku msonkhano wokambirana za kuchedwa kwa makomiti.

Miyezi isanu ndi itatu a Fiyuzi anakhala akukonza matochi, masimbi ndi mawailesi akale a anthu okalamba anzawo. Minibasi zakale zopanda masensa zinali kutha m'misewu, imodzi ndi imodzi, kupita kwa ogula zitsulo. Atatopa kudikira anapita kukafunsa. Kalaliki anafufuza m'kaundula, nalankhula kuseri kwa galasi lake. Ataona kuti mdalayo akungomuyang'ana pakamwa, anatenga kapepala n'kulemba: komiti inakumana, inawaimbira foni katatu tsiku limodzi kuti abwere adzadziyankhire, sanayankhe, ndipo nkhani inatsekedwa chifukwa wodandaula sanasonyeze chidwi. Foniyo tsiku limenelo inali m'thumba la ovolosi yawo, pamtima penipeni.

Mmawa wotsatira pagalaja panaima thiraki yatsopano, mapulasitiki akadali pamipando. Mwini wake, bambo wonenepa wansangala, anatsitsa bokosi la ampulifaya, nati wachokera kutali chifukwa anamuuza kuti mdala wa pano salakwitsa.

A Fiyuzi anaizungulira thirakiyo kamodzi. Anatsegula chitseko, nagwada movutikira, nasuzumira pansi pa mpando.

"Mwaona mawaya achikasuwa? Asawakhudze. Apa asabowole, apanso ayi. Aiike kuseri uko, pa thabwa. Mukaime pomwepo akamagwira, musapite kukamwa tiyi."

"Akamagwira ndani, mdala? Si inu?"

A Fiyuzi anadzuka atagwira chitseko, napukuta mawondo. Kenako analoza kutsidya kwa msewu.