Chipini cha Abiti Zubairu

Ku Nayuchi mukafunsa za a Lukiya, anthu amangoyang'anizana. Koma nenani kuti Abiti Zubairu a chipini, aliyense akulozerani pomwe amagulitsa mpunga, pafupi ndi njanji. Chipinicho anawaika pamphuno ndi malemu mayi awo ali namwali, ndipo sichinachokepo mpaka chinachita kumera. Kuyenda kwawo kunali kwa munthu wosiya ndiwo pamoto.

Ndiye miyendo ija inayamba dzanzi. Patapata ankavuka iwo osamva, chitini choyezera mpunga chinkapulumuka m'manja. Kuchipatala cha ku Liwonde anawatumiza ku Blantyre, komwe dokotala anati china chake chikupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, cha pakhosi. Kuti achione, anafunika kuwalowetsa m'makina ojambula m'thupi, a maginito amphamvu. Kachitsulo kalikonse kanayenera kuchoka.

"Iyayi," anatero Abiti Zubairu. "Jambulani khosilo. Mphuno yakulakwirani chiyani?"

Namwino anayesa kuchipotokola ndi mafuta, chipini osatheka. Kunatsala kudula basi.

"Tikachedwa, mayi, miyendoyi siidzadzukanso," anatero dokotala.

Mpeni wa opaleshoni sankauopa. Chinkawawawa n'chakuti cha mayi awo chimene chinatsala n'chipini chomwecho. Chithunzi analibe, manda ali kutsidya ku Mozambique. Anakana kwamtuwagalu.

Masana akewo anafuna kupita kuchimbudzi, miyendo inakana. Mwana wawo Ramla, mayi wa ana ake kale, anagwada n'kuwabereka kumsana. Ali pamsanapo anamva mwanayo akupuma movutika, ndipo chisoni chinawagwira. Atabwerako anaitanitsa namwino uja.

"Dulani."

Zithunzi zinaonetsa fupa lopanikiza mtsemphawo, ndipo madokotala analichotsa polowera kutsogolo kwa khosi. Kuphunziranso kuponda pansi kunawatengera miyezi.

Tsiku lobwerera kumsika anatenga ndodo, mpango ataukokera mpaka pamphuno. Ankadziona ngati ali maliseche. Akadali patali, Dorica, mnzawo wa mpunga, anakuwa: "Abiti Zubairu!"

"Mwandidziwa bwanji, nkhope nditabisa?"

"Aa, inunso! Ndani wina kuno amathamanga chonchi, ndodo n'kumatsalira m'mbuyo?"

Abiti Zubairu anaima kaye. Kenako anatsitsa mpango uja, n'kufunsa kuti chitini chawo anasunga ndani.