Nkhata ndi Chikwama cha Matayala

Mwana wanga wamkazi, wobadwira konkuno ku Joni, ndiye anandiuza kumene kunachokera liwu loti lageji, lija amatchulira katundu wa paulendo. Ndinkalimva kale kumabasi, koma iye anabwera ndi mbiri yake kuchokera kusukulu. Akuti linachokera ku liwu lakale la Chingerezi lotanthauza kukoka chinthu cholemera, kuchikhwekhwereza pansi. Sikuti ankafuna kundiphunzitsa Chingerezi ayi. Ankafuna ndisiye kusenza.

Ine ndimagulitsa mabulangete ndi makatani ku Mayfair. Ndimakaoda ku Fordsburg, n'kupinda nkhata ya chitenje, mtolo pamutu, ulendo. Koma tsiku lina anzake a m'kalasi a mwanayu anandiona, n'kuyamba kumuseka. Kuyambira pamenepo tikamayenda limodzi ankatsogola patali, ngati ndine mayi wa munthu wina. Zinkandipweteka, ndisaname. Mwana woti ndinkamubereka kumbuyo m'misewu yomweyi.

Ankati kuno anthu amakoka. Ndinamuyankha kuti eni ake liwulo azikoka, ine katundu amene amatidyetsa sindingamukhwekhwereze m'madzi onunkha a m'ngalande.

Atapeza malo ku koleji anadzisankhira chikwama cha matayala, chofiira, chachikulu ngati firiji. Analongedzamo mabuku, nsapato, ketulo ndi bulangete limene ndinamupatsa. Tsiku lonyamuka anachikoka monyadira, ine ndili m'mbuyo monga mwa masiku onse. Tisanafike n'komwe pokwerera matakisi opita kudepoti ya mabasi, tayala limodzi linalowa m'dzenje n'kuthyoka. Anayesa kuchinyamula m'manja, koma akayenda pang'ono ankatula. Misozi inali italengeza, chifukwa basi yake sinali yodikira munthu.

Lilime linkandiyabwa, koma sindinamuseke. Ndinamasula chitenje m'chiuno n'kupinda nkhata.

"Nditwike," ndinatero.

Anayang'ana uku ndi uku. Mumsewu munali anthu piringupiringu, ena amsinkhu wake.

"Mama, anthu akutiona."

"Anthuwo ndi amene akufikitse kubasi? Nditwike."

Anagwira mbali imodzi, ine inayo, chikwama chinakhala pamutu. Ndinayenda pakati penipeni pa njira, khosi lili njo, kuti wofuna kuona aonetsetse. Sindinacheuke n'komwe kuti ndione ngati wandithawa. Tili pamaloboti ndinangomva dzanja lake lagwira chigongono changa, ndipo silinachokepo mpaka tinafika patakisi.