Ndinasoka Makatani a Nyumba ya Wina

Tinakumana chifukwa cha pulagi, anzanga.

Ine ndimasoka mu shopu ya makatani ndi zofunda, pa mashopu a kudera kwathu kuno. Pakati pali supamaketi, mbali iyi famase ndi saluni, mbali inayi ifeyo. Moyang'anizana nafe pali shopu ya ma TV ndi mafiriji.

Tsiku lina makina anga anangozima, kafungo kakupsa nkumveka. Abwana anga, mayi wapakamwa koma wamtima wabwino, anandituma kukaitana wodziwa magetsi ku shopu ya ma TV ija. Anabwera mnyamata wamtali, atapanika sikuludiraiva kukhutu ngati pensulo. Aliyense pamalopa amamutchula Wamawaya.

Anakwawira pansi pa tebulo langa nkutulutsa pulagi itada bii.

"Atelala, mukufuna kuotcha mashopu onsewa?"

Ndinamuyankha kuti ndikanayambira yawoyo, poti nyimbo zawo zimatiboola m'makutu tsiku lonse. Anaseka mpaka kudzigunditsa mutu kutebulo.

Zinayambira pomwepo.

Nthawi ya lanchi tinkakhala pa benchi kuseri kwa famase, tikugawana chipisi. Tikaweruka ankandiperekeza kokwerera basi. Akamayesera kasitomala wailesi, ankaika dala nyimbo imene ndimaikonda, nkumandisuzumira pagalasi. Abwana ankangoti, "Iwe, mzere wakhotawo, maso ali kuti?"

Ndinakamuonetsa kwa mkulu wanga, amene ndimakhala naye. Anamulandira bwino, koma atapita anandifunsa ngati ndikudziwako m'bale wake ngakhale mmodzi. Ndinati kwawo ndi kutali, ndipo walonjeza kuti tidzapita zinthu zikayenda. Mkulu wanga anangoti "chabwino", nkupitiriza kusita.

Kenako Wamawaya anapeza nyumba. Chipinda ndi pabalaza, mawindo akuluakulu opanda kanthu. Anandipatsa kiyi m'manja.

"Uikonze mmene mkazi angaikondere."

Anzanga, mukanakhala inu mukanamva chiyani?

Ndinakwera pampando ndi tepi yanga kuyeza mawindo, iye atandigwirira mpandowo. Ndinasankha nsalu ya kirimu ya timasamba tobiriwira, ndipo ndinkasoka nthawi ya lanchi, osadya. La kuchipinda ndinalitalikitsa dala, chifukwa ine ndimakonda katani logunda pansi.

Mu supamaketi tinkakankha tirole limodzi, ine ndikusankha mapoto, mbale, mopu, ngakhale kabasiketi koikamo sopo. Mtsikana wa pa tilu anatiseka kuti akazi awo a Wamawaya ali ndi diso. Iye sanakane. Anangomwetulira.

Nyumba itatha kukonzedwa, anati mayi ake adwala, akupita kwawo. Anatenganso kiyi uja, akuti eni nyumba akufuna kukonza mpopi. Foni ankayankha mwa apo ndi apo. Ine kuno ndinkawapempherera mayiwo ngati apongozi anga kale...

Loweruka lina m'mawa, shopu itadzaza, munalowa mayi wachitsikana woyembekezera, ali ndi jumbo m'manja. Anadikira mwaulemu mpaka nditamaliza ndi kasitomala wina. Kenako anatulutsa katani la kirimu la timasamba tobiriwira.

Msoko wako suusowa, anzanga.

"Amuna anga akuti kuno kuli telala amene anawathandiza. Makataniwa ndi okongola zedi, koma ili likukhwekhwereza fumbi, ndiye ine kuwerama kwayamba kundivuta. Mungalifupikitseko?"

Ndinafunsa kuti amuna awowo ndi ati. Analoza kutsidya. Wamawaya anali ataima kuseri kwa firiji, akunamizira kuwerenga chikatoni. Sindinkadziwa nkomwe kuti anabwerako.

Mayiyo anali womasuka. Anandiuza kuti anakwatirana mwamunayo asanabwere m'tauni, ndipo iye ankakhala ndi apongozi ake kudikira kuti nyumba ipezeke. Nditafunsa za matenda a apongoziwo anadabwa, nkunena kuti ali bwinobwino, ndi omwe anamuperekeza iyeyo kubasi pobwera kuno.

"Akuti inuyo muli ngati mlongo wawo. Ndiye kuti ndinu alamu anga."

Abwana anali atamva zonse. Anabwera msanga kuti asoke okha, koma ndinakana. Ndinapinda katanilo, kulidula, kulisoka. Mzere sunakhote. Mayiyo anathokoza mpaka kuwomba m'manja.

Tikutseka shopu, Wamawaya anabwera. Anati ankafuna kundiuza koma ankaopa kunditaya, anati amandikondadi, ananena zambirimbiri. Ine ndinamufunsa chimodzi chokha: pamene ndinali pampando paja kuyeza mawindo, ankaganiza za ndani?

Anayang'ana pansi.

"Komatu sindinanenepo kuti nyumbayo ndi yako."

Ndipo ndi zoona, anzanga. Sananenepo. Anangondisiya ndizilota, iye akutola makatani ndi mapoto.

Mkulu wanga akuti ndikamuuze mkaziyo zonse. Koma ndiyambira pati? Munthu ali pafupi kuchira, alibe m'bale m'tauni muno, ndipo sanandilakwire chilichonse. Ntchito sindingasiye. Ndiye tsiku lililonse ndimatsegula shopu moyang'anizana ndi munthu amene anandipusitsa.

Mwamuna akamakuuzani kuti kwathu tidzapita, musadikire kuti zinthu ziyende. Chikondi chongothera pa benchi ndi pa tilu chilibe mboni.

Dzulo ndinakumana naye mkazi uja mu supamaketi, pa mashelefu a sopo. Anandikumbatira, nkundipempha kuti ndidzamusokere kabulangete ka mwana, poti alamu ndi ineyo.

Ndinati ndiona.

Kenako ndinakalowa kuchimbudzi cha pamashopu, nkutsegula mpopi mwamphamvu kuti anthu asandimve ndikulira.