Mbale Zimene Ndinasonkhanitsira Mwana Wanga

Mbale yoyamba ndinaigula chifukwa cha chisanu. Linali Loweruka, patangopita miyezi yochepa mwana wanga wamkazi atapita kukoleji ku Indianapolis, ndipo m'nyumba mwathu ku South Bend munali zii moti ndinkamva kulira kwa firiji ndili kuchipinda. Bambo ake anali atabwerera ku Malawi kalekale n'kukayamba banja lina, choncho tinali awiri basi, ine ndi mwanayo. Atachoka iye ndinatsala ndi makoma. Tsikulo ndinatuluka wapansi ndilibe kolowera, mphepo n'kuyamba kundiluma makutu. Nditaona anthu akulowa m'nyumba ina imene panja pake anaikapo chikwangwani, nanenso ndinalowa kuti ndikapezeko kutentha.

Kuno nkhalamba ikamwalira, ana amatengapo zimene akufuna, zotsalazo amaitana a kampani kuti adzagulitse m'nyumba momwemo. Amati esiteti selo. Umalowa mpaka kuchipinda kwa malemu, n'kupeza anthu achilendo akusanthula m'madirowa, wina akuyesa jekete pagalasi. Kwathu katundu wa malemu amagawa akuluakulu, ena akulira ena akukangana, koma onsewo amakhala achibale. Ndinkati ndizituluka pamene kukhitchini ndinaona kambale kakuya, koyera, kojambulidwa ndi utoto wa buluu. Panali kamlatho, mtengo wa nthambi zolendewera, ndi kamunthu kali m'bwato. Anakaunjika pamodzi ndi makapu a pulasitiki.

Bambo wina wachikulire wachizungu, yemwe pambuyo pake ndinadzadziwa kuti ali ndi shopu ya zinthu zakale, anandiona ndikukatembenuza. Anandiuza kuti ndikaike pachikhatho, ndikagogode m'mphepete ndi chikhadabo. Kanalira ngwee, mawu oonda ochedwa kutha. Iye anati mbale yolira choncho ilibe mng'alu, ndipo imeneyo inachokera ku China pa sitima zapamadzi agogo a agogo anga asanabadwe. Ndinaseka. Amayi anga ankagogoda chimodzimodzi mphika wadothi pamsika asanaugule, ndipo panalibe mzungu amene anawaphunzitsa.

Ndinayambira pamenepo. Ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni, ndipo masiku opuma ankandilemera kuposa masiku a ntchito. Ndiye ndinayamba kuwadzaza ndi mbale. Ndinkabwereka mabuku kulaibulale, ndinkapita kushopu kwa bambo uja kukawavutitsa ndi mafunso, ndipo Loweruka lililonse ndinkalondola zikwangwani.

Mbale yakale suiona ndi maso okha. Uyambe waiyendetsa chala m'mphepete monse utatsinzina, chifukwa pamene panabenthuka chala chimadziwa diso lisanaone. Kenako uikweze kuwindo. Dothi labwino la ku China limalola kuwala kudutsa pang'ono, ndipo mng'alu woonda ngati tsitsi, umene sungauone patebulo, umaonekera pamenepo. Ukatero uitembenuze uone kuthako. Kumeneko n'kumene mbale imaulula zaka zake: kamkombero kokhalira pansi sikakhala konyezimira, kamakhala koperepeseka ndi matebulo onse amene inakhalapo, nthawi zina kali ndi timchenga ta mu uvuni. Akathyali amadziwa zimenezi, ndiye amapaka tiyi kuthako kwa mbale ya dzulodzuloli kuti ioneke nkhalamba. Anandipusitsapo kamodzi. Ndinafika kunyumba, kupukuta ndi kansalu konyowa, ukalamba wonse n'kutsalira pakansalu. Ndinadzitukwana mpaka madzulo.

Ndinagulanso katochi kowala mtundu wa pepo. Ukakaunikira mbale mumdima, pamene anamata ndi guluu n'kupentapo pamawala mosiyana ndi pena ponse. Ndinkalowa nako m'bafa za eni, kutseka chitseko, kuzimitsa magetsi, mbale ili kumanja. Mayi wina wogulitsa anagogoda n'kufunsa ngati ndadwala. Mbale zina ndinkazipeza zosokedwa ndi timawaya, mmene ankakonzera anthu akale guluu wamphamvu asanabwere. Zoterozo ndinkazigwira nthawi yaitali, kuganizira munthu amene anakana kutaya mbale yake, koma sindinkagula. Ndinkafuna zamphumphu zokhazokha, ndipo chifukwa chake chinalipo.

Kunyumba kwa amayi anga kunali kabati ya galasi, ndipo m'menemo munkakhala mbale za alendo. Ife ana tinkadyera m'zachitsulo zosupuka utoto. Mkulu wanga atakwatiwa, amayi anatsegula kabatiyo n'kumuwerengera zina kuti akayambire banja. Ine kuno ndinalibe munda, ndinalibe kabati ya makolo, ndinalibe ngakhale mlongo woti adzaimire mwana wanga monga malume. Choncho ndinatsimikiza mumtima kuti ndidzasonkhanitsa mbale zisanu ndi imodzi zofanana chithunzi, zopanda chilema, kuti mwana wanga adzalowe nazo m'banja. Ndinene mosabisa: ndinkafuna kuti mbalezo zidzanditsogolere. Ndinkaopa kuti mwana akadzakhala ndi khomo lake m'dziko lino, ine ndidzakhala munthu wa pafoni. Ndinkaganiza kuti m'nyumba imene muli mbale zanga, inenso ndidzakhala ndi mpando.

Zinanditengera zaka. Zofanana sizipezeka pamodzi. Ina ndinaipeza m'chipinda chapansi chonunkha chinyontho, ina kushopu ya zakale ku Indianapolis tsiku lina nditapita kukaona mwana n'kupeza ali ndi mayeso. Pamene yomaliza inkapezeka n'kuti iye atamaliza sukulu, atayamba ntchito pachipatala china mumzinda womwewo. Sitinayambane ayi. Kungoti mafoni ankafupikirafupikira. Ndimalankhula Chichewa, iye n'kumayankha Chingerezi, monga amachitira ana okulira kuno, ndipo Chingerezi chake chinali chaulemu, chachikondi, koma chothamanga.

Kenako anapeza mnyamata, mbadwa ya konkuno, waulemu wake ndithu. Amayi a kumpingo wa Amalawi ku Indianapolis anakonza shawa ya mkwatibwi muholo ya tchalitchi. Ndinakulunga mbale iliyonse m'thaulo, kuika m'katoni, n'kumanga katoniyo ndi lamba pampando wakutsogolo. Msewu wonse ndinkazemba mabampu.

Pashawa mphatso zimatsegulidwa poyera. Panatuluka mapoto onyezimira, makina opangira khofi, mapani okazingira a m'bokosi, ndipo chilichonse chinkalandiridwa ndi nthungululu. Itafika katoni ya mayi wa mkwatibwi, anthu anakhala chete kudikira zazikulu. Amene ankaonetsa mphatso anali mayi wina wamkulu wa mumpingomo, mlangizi, munthu wosadziwa kunong'ona. Anatulutsa mbale imodzi, n'kuitembenuza, n'kuona kuthako koperepeseka kuja.

"Achemwali, kodi zimenezi n'zatsopano?" anandifunsa.

"Ayi mayi, n'zakale. Zakale kwambiri. N'za ku China."

Kumbuyo wina anaseka. Kwa ife chinthu cha ku China ndi chija chimathyoka usanafike nacho kunyumba.

"Munazishopa kuti?"

Ndikanatha kunama, koma mtima unali utayamba kale kutentha. Ndinati ndinazigula kumaseli a m'nyumba za anthu omwalira.

"Mayo ine!" anatero mayiwo, n'kuibweza mbale msangamsanga m'thaulo. "Mwana mmodzi yekhayu, mukumulowetsa m'banja ndi kaunjika wa pamaliro? Inu achemwali, mukanatikola pafoni ife tikanakuthandizani."

Ankanena ndi mtima wabwino, ndikudziwa. Ankaganiza kuti ndasauka, ndipo ankandimvera chisoni pamaso pa holo yonse. Ine ndinkafuna kuwalanda mbaleyo, kuigogoda pamaikolofoni kuti onse amve kulira kwake. Sindinatero. Ndinangokhala, manja ali pachitenje.

Anandipulumutsa ndi mwana wanga. Anadzuka pamphasa pamene anamukhazika, chinthu chimene mkwatibwi sachita alangizi asanamulole, n'kunyamula katoniyo yekha kukaiika pafupi ndi chikwama chake. Anawerama n'kundiuza m'khutu, m'Chingerezi chake chija, kuti n'zokongola ndipo azisamala. Ndinabwerera ku South Bend mtima uli m'malo. Ndinati basi, zalowa.

Ukwati unachitika, ndipo patapita miyezi anagula nyumba ku Speedway, dera la ku Indianapolis komweko kumene kuli bwalo la mpikisano wa magalimoto. Apa m'pamene ndinayamba kudikira. Ine ndinaleredwa kuti mpongozi sadzipititsa yekha kunyumba ya mkamwini. Amaitanidwa, amauzidwa tsiku, amalandiridwa pakhomo. Kunena ndekha kuti ndikufuna kubwera kukanakhala kudzichotsa ulemu, ndipo pakamwa panga sipakanatha kutulutsa mawu amenewo. Mwana wanga naye anakulira kumene munthu akafuna chinthu amanena. Ndikuganiza kuti ankaona kuti poti sindikunena, ndiye kuti ndatanganidwa kapena ulendo ukunditopetsa. Ankati adzandiitana akamaliza kupenta nyumbayo. Kenako inafika nyengo ya mpikisano wa magalimoto, ndipo anati m'tauni mwawo simuyendeka, phokoso lake ndingadwale nalo. Pa zikondwerero ankabwera iwo kwa ine, kudya, kujambula zithunzi, n'kunyamuka dzuwa lisanalowe. Chaka chinatha ndisanaone khomo la mwana wanga.

Kumaseli ndinkapitabe, koma ndinkangogwiragwira n'kubweza. Ndinalibenso woti ndimugulire. Bambo wa shopu uja anatseka n'kusamukira kwa mwana wake kudera lotentha, ndipo ndinazindikira kuti mumzinda wonsewo anali yekhayo amene ndinkacheza naye nkhani zosakhudza odwala.

Lamlungu lina masana nditabwera kutchalitchi, foni inalira. Anali mwana wanga, mawu ake ali ndi nkhawa. Anati mwamuna wake potsuka anagunditsa mbale imodzi pampopi wa sinki, ndipo ngakhale sakuona paliponse pamene yabenthuka, akuopa kuti mwina yang'aluka mkati. Chinthu choyamba chimene ndinamva mumtima chinali chimwemwe. Ngati ankaitsuka, ndiye kuti amadyeramo.

"Iike pachikhatho, usaigwire m'mbali," ndinamuuza. "Foni uiyandikize. Tsopano igogode ndi chikhadabo."

Anagogoda. Ngakhale pafoni ndinamva bwinobwino: ngwee, mawu oyera, otalika. Mbaleyo inalibe vuto lililonse.

"Bwerezanso," ndinatero.

Anabwereza. Inalira chimodzimodzi. Pamenepo ndinaona kakhomo katseguka, ndipo ndinalowapo mutu.

"Aa, pafoni sindikumva bwino mwanawe. Zinthu zimenezi zimafuna kuziona ndi maso. Pali katochi kanga kaja, mpofunika kuiunika mumdima. Mng'alu ukausiya umakula, tsiku lina idzangogawikana muli msuzi wotentha."

Ndinasiyira pomwepo. Mwa kwathu ndinali nditanena zonse. Mlamu wanga aliyense, mnansi aliyense wa kumudzi, akanamva n'kuyankha kuti ndiye bwerani Loweruka mudzaione, mudzagonenso konkuno. Ndinagwira foni ndi manja awiri.

Mwana wanga, mwina pofuna kundisangalatsa, anayankha m'Chichewa, chinthu chimene ankachita kamodzikamodzi.

"Ayi Mami, musadrayive mtunda wonsewu chifukwa cha mbale. Mumatopa kale kuntchito. Ndikusendelani pikicha, muione bwinobwino."

Ndinati chabwino. Ndinatinso apereke moni kwa bambo a kunyumba. Mawu anga sananjenjemere, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati zimenezo zinandithandiza kapena zinandipweteka.

Chithunzi chinafika ndisanavule n'komwe nsapato za kutchalitchi. Mbale inali pakati, yowala, kamlatho ndi kabwato zili m'malo mwake. Sindinaiyang'ane kawiri. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala n'kuyamba kuyenda m'mbali mwake. Kuseri kwa mbale kunali windo la katani wachikasu. Pawindopo panali kachitini ka maluwa ofota, ofuna madzi. Kumanzere kunkaoneka ketulo, ndi ngodya ya tebulo lathabwa, ndi misana ya mipando. Ndinaiwerenga mipandoyo, ndipo inali yokwanira. Choncho khitchini ya mwana wanga ndi yotere, ndinatero ndekha, n'kukhala pansi pasofa chovala chakumutu chikadali kumutu.

Patapita kanthawi uthenga wake unabwera, kufunsa ngati mbale ili bwino. Ndinalemba kuti ili bwino, ilibe mng'alu, apitirize kudyeramo. Kenako ndinawonjezera kuti maluwa a pawindowo awathirire.