Tadala Pamzere wa Makatoni

Ndinachoka ku Chibanja mwana wanga Tadala asanayambe n'komwe sukulu. Bambo ake anali atatithawa, ndipo tomato amene ndinkagulitsa mumsika wa Mzuzu sankakwanira lendi. Ndinauza achemwali anga kuti, "Mundisungire mwanayu zaka ziwiri basi, ndikayese ku Joni." Zaka ziwirizo zinabala zinzake mpaka kukwana zisanu ndi chimodzi.

Ku Joniko ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachizungu. Ndalama ndinkatumiza, sindinama, ndipo katundu ankapita ndi matransipota: nsapato, mabulangete, madiresi. Koma kusungulumwa kwake, abale inu! Kachipinda kanga kanali kuseri kwa galaja, wocheza naye kunalibe kupatula foni. Ndikaimba, Tadala ankangoti, "Ndili bwino, katundu wafika, yewo," n'kupatsira foni amayi ake aakulu.

Novembala aliyense abwana ankanditengera kutchalitchi kwawo kukalongedza makatoni a mphatso za Khirisimasi za ana ovutika. Tinkaikamo sopo, mswachi, makope, mapensulo, masokosi ndi kachidole. Ine ndinkasankha dala makatoni a atsikana amsinkhu wa Tadala, n'kumadziuza mumtima kuti bola wanga sali m'gulu limeneli, ali ndi mayi wapantchito.

Chaka chatha ndinabwera kudzadya Khirisimasi, tikiti yobwerera ili m'chikwama. Ndinapeza mtsikana wamtali, wondigwadira pondipatsa moni ngati ndine mlendo wa achemwali. Ndinapezanso kuti amayi a mpingo wathu nawo amalongedza makatoni a ana amasiye, aliyense kubweretsa kangachepe kamene ali nako. Ndinalowererapo, ndi matama omwe. "Sopo mumukulunge payekha, anganunkhitse mabisiketi!" A NyaGondwe, mtsogoleri wa amayiwo, ankangoseka. "Yewo chomene, a ku Joni, tiphunzitseni."

Tsiku logawa anandiimika patebulo. Mwambo wake, mwana amaitanidwa dzina, mayi mmodzi amamukumbatira kenako n'kumupatsa katoni m'manja. Ndinapereka, ndinapereka, mpaka ndinamva a NyaGondwe akuitana, "Tadala!"

Ndinafuula, "Ayi, a NyaGondwe, mwalakwitsa! Ameneyu si wamasiye, ndi wanga!"

"Tikudziwa, mama," anatero motsitsa mawu. "Chaka ndi chaka amadzaima yekha pamzerepa. Ife tikanamubweza bwanji?"

Manyazi ndi mkwiyo zinandigwirira pamodzi. Ndinamukokera mwanayo pambali. "Iwe, ukufuna anthu aziti chiyani? Chikukusowa n'chiyani? Nsapato wavalazo zachokera kuti?"

"Kudepoti," anayankha atazyolika. "Zanu timakatenga kudepoti, kwa adalaivala. Pano amandikumbatira."

Ndinabwerera patebulo, ndinanyamula katoni, n'kumuitana ndekha dzina mokweza. Ndinamukumbatira mpingo wonse ukuona. Iye anangoima gwa, manja ali m'mbali. Zinandipweteka koopsa, koma sindinamusiye msanga.

Tikiti ija ndinagulitsa kwa mtsikana wina wa ku Katawa. Abwana anaimba kangapo, ndinawauza kuti apeze wina. Achemwali akuti ndapenga, ndasiya ndalama n'kudzakhalira fumbi la mumsika. Mwina akunena zoona, chifukwa kaunjika amene ndikugulitsa pano masiku ena sayenda, timagonera tiyi. Koma ku Joni sindibwererako, olo zivute bwanji. Miyezi yoyambirira Tadala ankandiyankhabe ngati tili pafoni. Ine osatopa, m'mawa uliwonse kumupesa tsitsi ngakhale amatha yekha.

Sabata ino tikulongedzanso makatoni kutchalitchi, iye akukulunga sopo. Dzulo ndinalimba mtima n'kumufunsa, "Loweruka ukaimanso pamzere?"

Anamaliza kaye kukulunga. "Ndikaima mbali yanu ya tebulo, amayi. Ine ndizikakupatsirani makatoni, inu muzikawakumbatira."