Galimoto Yofiira ya pa Galaja ya a Sibale

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kutchalitchi. Ndinali nditangofika ku Chitipa kuchokera ku Dedza, kutsatira amuna anga omwe ndi mphunzitsi, satifiketi ya umakaniko ili m'sutikesi. Mayi wina wa m'kwaya anandilozera kwa a Sibale, omwe amaitanitsa galimoto zogwirapo kale ntchito kudzera ku Dar es Salaam.

Galimoto ikafika ndinkaikweza pa jeke, n'kulowa pansi ndi tochi. Ndinkayang'ana oyilo, mabuleki, mashoko ndi utsi, kenako n'kumvetsera injini isanatenthe.

Tsiku lina a Sibale atapita kumalire, kunabwera a Phiri, ogula khofi ku Misuku. Panali galimoto ziwiri za mtengo wofanana. Yofiira inali yakaleko koma yaliwiro, ya injini ya tabo, mimba ili pafupi ndi dothi. Inayo inali ya mabwana, mipando yachikopa, yoyenda mwakachetechete, injini wamba. A Phiri atamva yofiira ikubangula, maso sanawachotsenso.

Imeneyo inali itakhalitsa, ndipo ndinkadziwa kuti abwana akufuna ichoke. Koma pansi pake ndinali nditaona oyilo akudontha pa tabo.

"Bambo, matayala a iyi kuno simuwapeza," ndinatero. "Imamwanso mafuta kwambiri. Inayo sipeya zake zili ku Karonga."

"Mayi, ndabwera kudzagula liwiro, osati sofa," anayankha.

Tinapita kukaiyesa. Pa tala inauluka, nanenso mtima unakoma. Titakhotera msewu wafumbi wa ku Mughese, wolowera kwawo ku Misuku, mwala woyamba unakanda mimba. Wachitatu unatiimitsa. A Phiri anatsika, anasuzumira pansi, kenako tinabwerera ku galaja. Anachoka osagula kanthu.

A Sibale atabwera ndinawauza zonse.

"Mukanawanamiza, bwenzi Misuku yonse ikunditukwana," anatero. "Yewo, mama. Konzani tabo ija."

Patapita milungu itatu a Phiri anabwerera, natenga ya mipando yachikopa. Yofiira inagulidwa ndi dokotala wina woyenda pa tala kupita ku Mzuzu, atamva zovuta zake zonse, ndipo amaikonda mpaka lero.

Tsopano munthu akandifunsa kuti yabwino ndi iti, sindiyamba n'kutsegula boneti. Ndimamufunsa kuti kwawo msewu wake ndi wotani nthawi ya mvula.