Makoswe Oyera ndi Khungwa la aEnifa

Tsiku limene galimoto yoyera inaima pabwalo pawo, aEnifa Nambewe anali m'chigafa akusoka fodya, manja ali bii. Sanadzuke msanga ayi. Nthawi imeneyo, matipate atangolowa kumene, magalimoto oyera ankabwera kumidzi ya ku Ludzi ngati ngumbi, aliyense ndi mafunso ake.

AEnifa sanali sing'anga. Nsupa analibe, kuombeza sankadziwa, Lamulungu lililonse ankapezeka ku Misa. Sukulu anaisiyira sitandade 2. Mankhwala ankadziwa amodzi okha, khungwa la mtengo wina wa m'dambo umene malemu amayi awo ankautcha kaphwetsa. Munthu akabwera bondo litatupa, kapena atabzungunyuka mwendo kumunda, iwo ankasinja khungwa laliwisi, kulikulunga m'tsamba la nthochi, kulifutsika paphulusa lamoto, ndi kulimanga potupapo. Matenanti a ku esiteti ankabwera akutsimphina, pakapita masiku awiri n'kubwerera ku khasu.

M'galimotomo munatsika mtsikana wa magalasi, dzina lake Benedicta, wochokera ku sukulu ya ukachenjede ku Lilongwe. Anati akuyendera anthu odziwa zitsamba kuti akaziyese ngati zimachotsadi ululu ndi kutupa.

Mlendo akafika pakhomo, mpando amalandirira kwa mwini nyumba. AKefasi, amuna awo a aEnifa, amene kale anali kapitawo ku esiteti, anakhala naye pakhonde. AEnifa anapereka moni atagwada, n'kukakhala pamphasa chapatali.

"Nanga mankhwalawa amawagwiritsa ntchito bwanji, bambo?" anafunsa Benedicta, cholembera chili m'manja.

"Amamwa," anatero aKefasi osaphethira n'komwe. "M'mawa ndi madzulo, ngati mapilitsi."

Munthu woti chikwatirire sanagwirepo munsi! AEnifa anangoyang'ana pansi. Anamkungwi anawalanga kuti mwamuna satsutsidwa alendo ali pomwepo. Mumtima anati, ndimunong'oneza mwanayu pomuperekeza. Koma aKefasi ananyamula okha mtolo wa makungwa umene Benedicta anapempha mpaka pagalimoto, n'kutseka chitseko ndi manja awo.

Itatha miyezi itatu kunabwera kalata. AKefasi, poyesa kuti muli zowatamanda, anaitana anansi n'kuiwerenga mokweza. Kalatayo inati khungwalo analiumitsa, kulipera, kulisungunula ndi kumwetsa makoswe otupa mapazi, koma palibe chimene chinasintha.

ALuwiza a nyumba yoyandikana nawo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amnzanga, ndiye kuti zaka zonsezi mwakhala mukutimanga zinyalala? Ngakhale khoswe wakana!"

Pofika Loweruka nkhani inali itafika kuchigayo ndi kumjigo. Anthu anasiya kubwera. Tsiku lina aEnifa anaona tenanti wina, amene anamuchiza chaka chatha, akudutsa panjira bondo lili ngati dzungu, nkhope atatembenuzira kutchire kuti maso asakumane. Chimenecho ndiye chinawabaya. Dzina lawo ndi la malemu amayi awo linali litasanduka choseketsa pamjigo.

Analowa m'nyumba n'kupeza aKefasi. "Bambo a Maliko, inu munaonapo munthu akumwa khungwa langa?"

"Aaa, Nambewe, mankhwala onse si amamwa?"

"Mawa ndikupita ku Lilongwe."

"Inu? Mukasochera pa depoti pomwepo. Chizungu mukayankhula ndi ndani?"

"Makoswe amenewo amamva Chizungu?"

M'mamawa anatsikira kudambo, n'kukanganula khungwa mbali imodzi yokha ya mtengo kuti usaume. Anadula tsamba la nthochi, anamanga kamtondo kosinjira nsinjiro m'chitenje, n'kuyenda wapansi mpaka pamsewu wa tala kukakwera minibasi. Envulopu ya kalata ija ankaionetsa kwa kondakitala, kwa mayi wogulitsa zitumbuwa, kwa mlonda wa pageti, mpaka anafika.

Benedicta atawaona anagwira pakamwa. "Amayi! Mwabwera nokha?"

"Ndabwera kudzaona odwala anu, mwana wanga."

Anawalowetsa m'chipinda chonunkha mankhwala. M'tizikwere ta waya munali makoswe oyera mbee, maso ofiira, onenepa kuposa mbewa za m'dimba.

"Zonona chonchi simudya?" anafunsa aEnifa. Benedicta anaseka. Iwo sanaseke. "Ndiuzeni, ululu uli kuphazi, inu mankhwala mwathira kukamwa. Ndani anakuuzani?"

Mtsikana anatsegula buku lake. "Abambo aja."

"Abambo aja amadziwa kusankha fodya, basi. Khungwa ili salimwa. Ndipo likauma ndi nkhuni chabe."

"Bwanji simunanene, amayi?"

"Bwanji simunafunse amene manja ake ndi akuda?"

Benedicta anapita kwa mkulu wa ntchitoyo kukapempha kuti ayesenso khungwalo polimanga paphazi. Mkuluyo poyamba anakana, akuti ndondomeko ya sabata ino inatha kale. AEnifa anayala chitenje pakhomo pa ofesi yake n'kukhala, miyendo tambalale. Anati achokapo akaona phazi la khoswe litamangidwa. Anthu ankawalambalala ndi mafayilo awo. Patapita ola, mkulu uja anatuluka akupukusa mutu. "Apatseni makoswe khumi ndi asanu, mwina tipume."

Phulusa kunalibe. AEnifa anakalipempha kwa mayi wootcha chimanga kunja kwa mpanda. Anasinja, anafutsika, fungo lowawa linadzaza chipinda chonse. Benedicta anabaya khoswe aliyense kajakisoni kotupitsa phazi, n'kuwagawa patatu. Asanu sanawapatse kanthu. Asanu anawapaka mankhwala a kuchipatala. Asanu otsalawo anawamanga khungwa, aEnifa akuonetsetsa.

"Mwamanga lozizira ilo, masulani. Liyenera kukhala lofunda ngati phala la khanda."

Ola lililonse Benedicta ankaviika kaphazi m'kabotolo ka madzi n'kuona pamene madziwo akwera. AEnifa manambala sankawatsata, koma maso anali nawo. Ankayenda chikwere ndi chikwere, manja kumbuyo, kuona khoswe amene akuponda ndi amene wanyamula mwendo. Chakudya anawapatsa, anachiika pambali.

Dzuwa litapendeka, mapazi a asanu osapatsidwa kanthu aja anali akadali tututu. A mankhwala a kuchipatala anali ataphwa pafupifupi onse. A khungwa anali ataphwa, koma mwatheka.

"Likugwira ntchito, amayi," anatero Benedicta. "Koma la kuchipatala lapambana. Komanso makoswe asanu ndi ochepa, tiyenera kubwereza kangapo tisanalembe chilichonse."

AEnifa anawerama n'kuyang'anitsitsa mapaziwo, limodzilimodzi. Zinawawawa, koma zimene anaona anaona.

"Musawonjezere, musachotsere. Mudzalembe zomwezo."

Anakwera minibasi yomaliza ya ku Mchinji, kamtondo kali pamiyendo.

Kutacha, asanasese n'komwe pabwalo, anansi anali atadzaza kale pakhonde, aLuwiza ali patsogolo. AEnifa anatuluka akumanga duku.

"Ndaona ndi maso angawa, sindinachite kumva. Khungwa langa laphwetsa phazi la khoswe. La kuchipatala laphwetsa msanga kuposa langa, zimenezo sindibisa. Amene ali ndi mphamvu zokafika kuchipatala apite. Amene bondo lamukaniza kuyenda abwere ndimumange, ndipo amene anaseka ndimumanganso. Lolemba ndikubwerera konko ndi khungwa lina, akuti makoswe asanu sakwana umboni. Inu aLuwiza, poti pakamwa panu sipatopa, muzindiitanira nkhuku zanga madzulo mpaka ndibwere."